Tikufuna kukapuma ku Mfuwe mwana asanabadwe, ndithandizeni maganizo

Naphiri wa ku Area 47:
Moni nonse. Ndakhala ndikungowerenga za anzanga mwakachetechete, lero ndabwera ndi yanga. Ndine woyembekezera, masabata 22, mwana woyamba. Ine ndi bambo a kunyumba takhala m'banja zaka zinayi, ndipo chikwatiranireni sitinapiteko kulikonse awiriwiri. Ndalama zomwe tinkati tikapumire kunyanja ukwati utatha zinathera ku holo ndi kwa ophika. Kenako ntchito, maliro, fizi ya alamu anga, zaka n'kumapita. Pano tikuona kuti mwanayu akangofika mu October, nyumba yathu sidzakhalanso ya anthu awiri. Ndiye taganiza zotengerapo mwayi pa tchuthi cha pa 6 July, tinyamuke pa galimoto yathu kupita ku Zambia, ku Mfuwe, tikaone nyama ku South Luangwa, tikagone masiku awiri n'kubwerera. Nthawi imeneyo ndidzakhala ndi masabata 25. Amuna anga sanatulukepo m'dziko muno, pasipoti yawo ili mu sutikesi chitengereni.

Vuto ndi lakuti nditawauza apongozi anga aakazi, nkhope yawo inagwa. Akuti munthu wapakati sadumpha malire, komanso sayenera kukayang'anitsitsa anyani ndi zilombo zakutchire. Sanakalipe ayi, koma mawu awo andikhala pamtima. Amene munayendapo muli oyembekezera, kapena amene mukuidziwa njirayi, chonde musandibisire.

Mayi a mapasa:
Zabwino zonse mayi. Ine ndingoti pitani. Ife tinkati tidzayenda ana akakulako, pano ali sitandade 3 ndipo sitinapezebe usiku ndi umodzi womwe wokhala awiriwiri kunja kwa nyumba. Ndimazidandaula ndithu.

Bambo wa ana atatu, Ndirande:
Achemwali, ine ndilankhula ngati bambo amene anagwidwapo njakata. Mwana wathu wachiwiri anabadwa pa opaleshoni yadzidzidzi, ndipo ndalama yonse yomwe ndinasunga inatha m'masiku atatu. Ndinachita kukongola katapila kuti mayi atuluke m'chipatala. Malo ogona a ku Mfuwe ambiri amawerengera madola, ndipo inunso mukudziwa mmene madola akuvutira kuno chigwetsereni kwacha mu November 2023. Njovu sizithawa, zidzakhalapobe mwana akadzakula. Matewera, mkaka ngati mabere atavuta, wantchito, zonsezi zikukudikirani. Pepani ngati ndalankhula mowawa.

Naphiri wa ku Area 47:
Simunalankhule mowawa achimwene, mwanena zoona. Tinayamba ndi kupatula ndalama ya kuchipatala, ili pa akaunti ina yomwe sitikuikhudza, ndipo tinawerengera ngati kuti ndidzachira pa opaleshoni. Zitenje, beseni, zovala za mwana ndi matewera a mwezi woyamba ndinagula kale. Ya ulendoyi ndi yomwe ndinalandira ku banki m'khonde mu December. Tapezanso malo a kunja kwa paki omwe ndi otsikirako mtengo, osati aja a azungu a m'kati.

Mzamba wa ku Zomba:
Mayi Naphiri, ndagwira ntchito m'chipinda chochilira zaka zambiri, ndiye ndiyankha mbali yanga yokha.

Ngati pali nthawi yoyenda pa mimba yonse, ndi imeneyi, kuyambira sabata la 14 mpaka la 28. Mseru umakhala utatha, mimba isanayambe kulemera kwambiri, ndipo chiopsezo chopita padera chimakhala chitatsika. Koma zimenezi ndi za mimba yopanda vuto. Ngati munatayako magazi, ngati BP imakwera, ngati sikani inaonetsa kuti nsengwa yakhala m'munsi pafupi ndi khomo la chiberekero, kapena ngati ali mapasa, ndikanakuuzani kuti khalani pansi. Choncho musanalipire kalikonse, pitani kwa dokotala kapena namwino amene amakuonani ku sikelo, mukamuuze dzina la malo enieniwo ndi kutalika kwa njira. Osangoti ndikufuna kuyenda pang'ono.

Chomwe chikundidetsa nkhawa ine si anyani, ndi udzudzu. Mfuwe ali m'chigwa, kunsi komanso kotentha kuposa Lilongwe. Malungo kwa mayi wapakati si masewera. Amatha magazi, amachititsa mwana kubadwa wochepa thupi kapena masiku asanakwane, ndipo tizilombo take timatha kubisala mu nsengwa mayi asakumva ngakhale kutentha thupi. N'chifukwa chake ku sikelo timakupatsani Fansidar mwezi uliwonse kuyambira sabata la 13, osachepera katatu. Onetsetsani kuti mwalandira ya mwezi umenewo musananyamuke, komabe musaione ngati khoma, imangochepetsa chiopsezo. Tengani neti yanuyanu ya mankhwala ngakhale atakuuzani kuti kuchipindako ilipo, chifukwa zina mumakazipeza zong'ambika. Dzuwa likamalowa valani za manja aatali ndi sokosi, dzolani mankhwala othamangitsa udzudzu. Wina akakupatsani doxycycline kuti ndi amene alendo amamwa popita kutchire, musamwe, saloledwa kwa woyembekezera. Mwayi wanu ndi wakuti July ndi nyengo yozizira komanso youma, udzudzu umachepa.

M'galimoto lamba muzimanga nthawi zonse. Wam'munsi adutse pansi pa mimba, m'chiuno, wam'mwamba adutse pakati pa mabere. Pakatha ola limodzi ndi theka imani, tsikani, yendaniyendani mphindi zingapo. Magazi a mayi wapakati sachedwa kuundana m'miyendo akakhala malo amodzi nthawi yaitali. Imwani madzi ambiri a m'botolo, musadzimane poopa kukodza pafupipafupi.

Ndipo izi muziloweze nonse awiri: kutaya magazi, kutuluka madzi, kupweteka kwa m'mimba kobwerezabwereza, mutu waukulu, kuona zachizimezime, kutupa nkhope ndi manja, kutentha thupi, mwana kusiya kusewera. Chimodzi chokha mwa izi, ulendo wathera pomwepo, thamangirani kuchipatala. Ndinene mosabisa kuti mwana wobadwa pa masabata 25 amafuna chisamaliro chomwe sichipezeka mosavuta m'chigawo chathu chino. Kabuku kanu ka kusikelo kakhale m'chikwama cha m'manja limodzi ndi pasipoti, osati m'buti.

Mayi a mapasa:
Anesi mwatithandiza tonse. Za lambazo ine sindinkadziwa, mimba yonse ndinkangomuika kumbuyo kwa msana poopa kufinya ana.

Mzamba wa ku Zomba:
Ambiri amatero mayi, koma pa ngozi chomwe chimapulumutsa mwana ndi kupulumuka kwa mayi ake.

Dalaivala wa pa Mchinji:
Njira imeneyi ndimadyerapo nsima, ndiye ndimvereni. Kuchokera ku Lilongwe mugwira M12, kudutsa Namitete, Kamwendo, Mchinji boma, mpaka pa boda, makilomita pafupifupi 120. Kuchoka pa boda kukafika ku Chipata sipakwana 30. Chipata kukafika ku Mfuwe ndi pafupifupi 130, msewu wa tara. Mukaphatikiza kuima kwa adona ndi za pa boda, werengerani maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Nthawi ya ku Zambia ndi yathu ndi imodzimodzi, ndipo nawonso amayendera kumanzere.

Kuyambira mu December 2022 pa Mchinji ndi Mwami panakhala boda ya malo amodzi, simuimanso kawiri ngati kale. Amalawi salipira visa. Anthu inu mudutsa msanga, chomwe chimachedwetsa ndi galimoto. Mukhale ndi blue book, kalata ya apolisi a Interpol yosonyeza kuti galimotoyo si yakuba, chilolezo cha MRA chotulutsira galimoto kwa kanthawi, ndi inshuwalansi ya COMESA ija timati yellow card. Mbali ya ku Zambia mukalipira carbon tax ndi timisonkho tina ta pamsewu, ndiye mukhale ndi kwacha ya kumeneko m'thumba. Ngati galimoto ili pa ngongole kapena ili m'dzina la kampani, pafunika kalata yololeza. Ya Interpol ija muiyambe sabata ino, osadikira Lachinayi lomaliza. Matrayango awiri ochenjezera pamsewu akhalemo. Mafuta mukathire odzaza ku Chipata.

Chinanso, musayende usiku pakati pa Chipata ndi Mfuwe. Njinga zopanda nyale, ngolo, mbuzi, ndipo mukamayandikira Mfuwe njovu zimadutsa pamsewu.

Naphiri wa ku Area 47:
Zikomo kwambiri a dalaivala. Za Interpol sitinkazidziwa n'komwe. Ndawatumizira amuna anga uthenga wanu wonse.

Malume a ku Chipata:
Mphwanga, ine ndine wa ku Dowa koma ndakhala ku Chipata zaka 11. Ukawauze apongozi akowo kuti kuno si kuchilendo. Ukatsika galimoto n'kupereka moni akuyankha m'chinenero chako chomwecho, nsima yake yomweyo, chibwabwa chotendera chomwecho. Mfumu yaikulu ya Achewa, Kalonga Gawa Undi, ili ku Mkaika m'boma la Katete, ndipo August aliyense anthu a ku Malawi ndi a ku Mozambique amadzadza kumeneko pa Kulamba. Mzere wa malirewu unajambulidwa ndi atsamunda, unadutsa pakati pa abale.

Za zipatala, poti anesi atchula: panjira pali St Gabriel's ku Namitete, chipatala cha boma ku Mchinji, Mwami Adventist ukangodutsa boda, ndi Chipata Central Hospital chomwe ndi chachikulu m'chigawo chino. M'boma la Mambwe, komwe kuli Mfuwe, muli chipatala cha mishoni cha Kamoto. Koma vuto likakhala lalikulu, ulendo ndi wa ku Chipata, maola awiri kapena kuposerapo. Uzidziwiretu zimenezo.

Ndalama usamale nayo. Kwacha ya kuno anaichotsa maziro atatu mu 2013, ndiye mitengo imaoneka ing'onoing'ono, munthu n'kumangotulutsa. K100 ya kuno si K100 ya kwathu. Anyamata osintha ndalama pa boda akakuzungulira, werenga wekha kawiri usanapereke yako. Gulaninso simu ya kuno kuti foni isakhale chete.

Langizo langa ndi lakuti mugone ku Chipata usiku woyamba, mudule njira pawiri. M'mawa mutsetsereka kuchigwa mutapuma bwino.

Agogo Nangondo:
Ana inu, ndawerenga zonse ndipo ndaona kuti mawu a apongozi palibe amene wawagwira bwino. Ine ndili ndi zidzukulu zisanu ndi zitatu, ndiloleni ndinenepo.

Makolo akati wapakati sadumpha malire, sankanena za chidindo cha pa pasipoti. Ankanena kuti mkazi asachirire pakati pa anthu osamudziwa. Kale ulendo unali wapansi kapena wa pangolo, ndipo matenda akakuyambira panjira, ndani akugwire msana? Ndani akhale nawe m'chikuta mpaka mchombo ugwe? Amayi ambiri anatsalira m'njira. Apongozi akowo mwina anaonapo zotere ndi maso awo, koma sangakufotokozere zonse, amangoti sadumpha malire. Za anyanizo, tonse tinauzidwa kuti mwana adzafanana ndi chimene wachiyang'anitsitsa. Ine ndinalima m'mphepete mwa phiri mimba zanga zonse, anyani ndikuthamangitsa m'munda tsiku ndi tsiku, ana anga onse anabadwa bwinobwino. Chimenecho chisakuopse. Koma mantha a mayi amene wadikira mdzukulu zaka zinayi, amenewo usawapeputse.

Usawayankhe ndi za pa intaneti. Mwana wawo apite yekha kaye akakhale nawo pansi, kenako mupite nonse, mutanyamula kashuga. Muwauze kuti adokotala avomera, muwatchulire zipatala za m'njira, muwauze tsiku lobwerera. Akakhala kuti apatsidwa ulemu, mtima umatsika.

Ndipo zithunzi za mimba pa Facebook ayi. Mukabwera mudzaonetse abale m'nyumba.

Mayi a mapasa:
Agogo mwalankhula. Ine ndinathamangira kuti pitani osaganizira mbali imeneyi.

Bambo wa ana atatu, Ndirande:
Apa ndiye ndagwirizana ndi agogo. Mwamuna ndi amene ayenera kukalankhula ndi mayi ake, osamusiyira mkazi kuti aoneke ngati wamakani.

Nabanda ku Manchester:
Asisi, ife tinachita zomwezi chaka chatha ndili ndi masabata 27, tinapita ku Lisbon ku Portugal, maola atatu pa ndege. Kwa amene akuganiza za ndege: makampani ambiri amafuna kalata ya dokotala ukadutsa masabata 28, ndipo salola ukadutsa 36, kapena 32 ngati ali mapasa, koma aliyense afunse kampani yake. Inshuwalansi ya paulendo muziwerenga bwino, zina sizilipira za uchembere. Mzindawo ndi wa zitunda, miyendo inatupa tsiku loyamba lomwe chifukwa ndinkafuna kuona chilichonse. Tsiku lachiwiri tinangokhala m'mphepete mwa mtsinje wa Tagus. Kumeneko n'komwe tinakambirana zinthu zomwe kunyumba tinkangozizemba: ndani adzadzuke usiku, ndidzabwerera liti kuntchito, mayi anga adzabwera kapena ayi poti kuno tilibe wachibale. Pa ulendo wonsewo chomwe ndimakumbukira kwambiri ndi macheza amenewo. Musadzadzitse pologalamu.

Mlongo wanu wosatchula dzina:
Ndakhala ndikulemba ndi kufufuta kuyambira dzulo. Ndinataya mwana pa masabata 26. Sindinali paulendo, ndinali pakhomo panga, ndikupita ku sikelo mwezi uliwonse, ndikumwa mankhwala onse. Ndinangodzuka tsiku lina mwana sakusewera. Madokotala anandiuza kuti palibe chimene ndinalakwitsa. Komabe anthu anafufuza chifukwa. Wina anati ndinkagwira ntchito kwambiri, wina anati ndinaulula mimba msanga, wina anati ndinakwera kabaza. Mawu amenewo anandipweteka nthawi yaitali kuposa bala la m'thupi.

Sindikukuopsezani mayi Naphiri, ndipo sindikuti musapite. Ndikupemphera kuti zonse ziyende bwino, ndipo mwachidziwikire ziyenda bwino. Koma khalani pansi ndi amuna anu mufunsane funso ili: chinachake chitachitika, kaya paulendo kaya patatha mwezi, anthu n'kuyamba kuloza ulendowu, kodi tidzaima limodzi? Iwo adzatha kunena pamaso pa abale awo kuti tinagwirizana tonse awiri? Amuna anga anaima nane, n'chifukwa chake banja lathu lilipo lero, ndipo pano tili ndi mtsikana wa zaka ziwiri. Akayankha kuti inde ndi mtima wonse, nyamukani. Akazengereza, ndiye kuti nkhani yofunika kuikonza si ya Mfuwe.

Mzamba wa ku Zomba:
Pepani kwambiri mayi. Zomwe anakuuzani madokotala ndi zoona, nthawi zambiri palibe chimene mayi walakwitsa, ndipo ine ndawaona amayi ochuluka akusenza mlandu womwe si wawo. Zikomo polimba mtima kulemba.

Agogo Nangondo:
Mwana wanga, Mulungu akutonthoze. Ifenso akuluakulu pakamwa pathu pamavulaza nthawi zina.

Naphiri wa ku Area 47:
Achemwali, ndawerenga uthenga wanu ndili kuntchito ndipo ndinachita kutuluka panja. Madzulo ndinawawerengera amuna anga mawu ndi mawu. Anakhala chete kanthawi, kenako anati ulendowu anauyambitsa ndi iwo, ndipo aliyense wofunsa adzamuuza choncho. Zikomo potipatsa funso lomwe tokha sitikanalifunsa.

Wokonda zakutchire:
Ndalowa mochedwa koma ndionjezepo za pakiyo poti ndapitako kanayi. South Luangwa ndi yaikulu, pafupifupi masikweya kilomita 9,050, ndipo inakhala paki mu 1972. Kumeneko n'komwe Norman Carr anatchukitsa zoyenda pansi poona nyama, koma inu zimenezo zisiyeni, si za munthu wa mimba. Kuli akadyansonga a mtundu wa Thornicroft omwe sapezeka kwina kulikonse koma m'chigwa cha Luangwa, mvuu zosawerengeka, ndipo imadziwika ndi akambuku.

Magalimoto oonera nyama amanyamuka cha m'ma 6 m'mawa kubwera cha m'ma 10, ena cha m'ma 4 madzulo kubwera usiku cha m'ma 8. Ndi maola anayi pa msewu wafumbi wa mabampu, ndipo mipando ya kumbuyo ndi imene imadumphitsa kwambiri. Pemphani mpando wa kutsogolo pafupi ndi woyendetsa, mumuuze kuti ndinu oyembekezera ayende pang'onopang'ono. Sankhani wam'mawa, wamadzulo ndi nthawi ya udzudzu. M'mawa wa July kumazizira kwambiri pa galimoto yopanda denga, tengani juzi ndi chitenje. Zovala zakuda ndi zabuluu zimakopa akashembe, valani zotuwa. Pa geti onetsani pasipoti, anthu a m'maiko a SADC amalipira mtengo wotsikirapo kuposa ochokera kutali. Usiku musatuluke m'chipinda nokha, mvuu ndi njovu zimayenda m'malo ogonamo, pamakhala alonda okuperekezani.

Kunena zoona, ngakhale mutangokhala pakhonde loyang'ana mtsinje, nyama zimabwera zokha kudzamwa madzi nyengo imeneyi.

Naphiri wa ku Area 47:
Ndikudziwitseni pomwe tafika. Adokotala andiona lero, BP ili bwino, magazi ndi okwanira, nsengwa ili pamalo pake, avomera. Fansidar wachitatu ndalandira. Loweruka tinapita kwa apongozi monga munanenera agogo. Amuna anga analankhula okha, ine ndinangokhala pamkeka. Apongozi anafunsa kuti chipatala chili patali bwanji, tinawauza zoona. Anakhala chete, kenako analowa m'nyumba n'kutuluka ndi chitenje chawo cha Mvano, akuti ndizikafunda m'mawa. Apempha kuti tiziwaimbira tikafika paliponse. Sananene kuti akondwa, koma atipempherera. Tidzagona ku Chipata Lachisanu monga ananenera malume.

Dalaivala wa pa Mchinji:
Nyamukani ku Lilongwe isanakwane 1 koloko kuti boda muidutse kukuwala. Tayala lapadera mulione mpweya.

Naphiri wa ku Area 47:
Tabwerako abale anga, tonse atatu tili bwino. Ndinalonjeza kudzafotokoza.

Pa boda tinakhala pafupifupi maola awiri chifukwa cha mapepala a galimoto, panali mzere wa tchuthi. Mayi wina wogulitsa nthochi ataona mimba anandipatsa kampando kake kuti ndikhale pamthunzi, ndipo anakana kuti ndimulipire. Amuna anga atadindiridwa pasipoti anakhala akuyang'ana chidindocho nthawi yaitali. Ku Chipata tinadya nsima ya nkhuku yachikuda n'kugona msanga. M'mawa tinatsetsereka kuchigwa, tikuima pafupipafupi monga ananenera anesi. Mpweya umasintha ukamatsika, juzi ndinavula tisanafike.

Malo omwe tinagona anali m'mphepete mwenimweni mwa Luangwa. Madzi anali atatsika, mchenga uli poyera, ng'ona zitayanika tsidya linalo. Usiku woyamba mvuu zinayamba kulira pafupi kwambiri, mawu aakulu omveka mpaka m'chifuwa, ndipo mwana anayamba kugunda mwamphamvu kuposa kale lonse. Ndinagwira dzanja la bambo ake n'kuliika pamimba, mkati mwa neti, mumdima. Kunyumba akhala akuyesa kumumva koma ankangoti mwina, mwina. Usiku umenewo anamumva bwinobwino, kanayi kotsatizana. Sanalankhule kanthu, ndinangomva kuti akulira.

M'paki tinalowa kamodzi kokha, Lamulungu m'mawa. Ndinakhala kutsogolo nditafunda chitenje cha apongozi. Titangowoloka mlatho wa pa geti tinapeza njovu zisanu ndi kamwana kake kakuyenda pansi pa mimba ya mayi ake. Tinaona akadyansonga, mbidzi, njati, nswala zambirimbiri, ndi mikango iwiri itagona patali. Kambuku sitinamuone. Anyani analipo paliponse, ndinawayang'ana ndipo mtima sunagunde. Patatha maola atatu msana unayamba kuwawa, ndinamuuza woyendetsa ndipo anatibweza osanyinyirika. Ulendo wamadzulo tinaukana ngakhale anatilimbikitsa kuti ndi umene akambuku amaoneka.

Masana onse tinakhala pakhonde, miyendo nditaikweza pa mpando chifukwa inatupako pang'ono m'mapazi. Asisi a ku Manchester munanena zoona. Tinakambirana za dzina, za tchuthi chawo cha kuntchito, za amene adzandidikirire kuchipatala. Tagwirizana kuti adzakhala mayi anga ndi apongozi onse awiri, ndipo titawauza pa foni apongozi anaseka koyamba chiyambireni nkhaniyi. Pobwerera tinaima pa Tribal Textiles n'kugula kansalu kojambula pamanja kokapachika kuchipinda cha mwana.

Chovuta chimodzi: khadi la kubanki linakana pamalo ena, tinapulumukira ndalama ya m'manja yomwe a dalaivala anatiuza kuti tikhale nayo m'thumba. A Ndirande, tinadutsa bajeti pang'ono chifukwa cha misonkho ya galimoto, koma akaunti ya kuchipatala sitinaikhudze.

Bambo wa ana atatu, Ndirande:
Ndasangalala achemwali. Ija ya dzanja pamimba yandikhudza, ine wanga woyamba ndinali ku Joni, sindinamumveko.

Mlongo wanu wosatchula dzina:
Ndakhala ndikudikira uthenga umenewu. Mulungu akusungireni mwanayo.

Mzamba wa ku Zomba:
Takulandirani mayi. Kutupa kwa mapazi kokha pambuyo pa ulendo si kodetsa nkhawa, koma kukafika kumaso ndi m'manja, kapena mwendo umodzi ukatupa n'kumapweteka, pitani kuchipatala tsiku lomwelo. Malungo amatha kuonekera patatha sabata imodzi kapena kuposerapo chilumidwireni, ndiye mwezi uno mukangomva kutentha thupi, kuphwanya kapena mutu, kayezetseni, musayambe ndi panado. Pano mwabwerera pa netiweki ya kwathu, nambala ya Chipatala Cha Pa Foni ikugwiranso ntchito ngati muli ndi funso usiku.

Nachisale wa ku Kasungu:
Ndawerenga zonse kuyambira pamwamba ndipo ndasirira. Ine tchuthi cha amuna anga chili mu November, ndidzakhala ndi masabata 33. Ndamva kuti nthawi imeneyo njovu zimadutsa m'kati mwa Mfuwe Lodge kukadya mango akutchire. Tingapite?

Mzamba wa ku Zomba:
Ayi mayi, pa masabata 33 ku Mfuwe ayi. Mu October ndi November m'chigwamo mumatentha mpaka kufika madigiri 40, mvula yoyamba imabweretsa udzudzu, ndipo chipatala chachikulu chili maola awiri. Ngati mukufuna kupuma, sankhani malo oti chipatala chanu mukhoza kufikako msanga.

Naphiri wa ku Area 47:
Mverani anesi asisi. Ine pa masabata 25 mu July wozizira, maola atatu okha msana unandikana. Afunseni bambo a kunyumba ngati angasunthe masiku awiri okha a tchuthicho kubweretsa mu September, mudzakhala ndi masabata ngati anga. Akalola mundiuze, ndikutumizirani mndandanda wa mapepala a galimoto ndi zomwe tinalongedza.